Arrowsmith, filimu ya 1931: zimene inachita bwino ndi funso limene inalizemba

Wowerenga wina amene akuphunzira za unamwino walemba kuti: "Aphunzitsi athu anatiuza kuti tionere filimu yakale ya ku America yotchedwa Arrowsmith, kuti tidzakambirane za khalidwe loyenera pa ntchito yachipatala. Ndaonera. Zithunzi zake n'zopanda mtundu, anthu amalankhula ngati ali pa siteji, ndipo mkazi wa dokotala amafa chifukwa chosuta ndudu imodzi. Anzanga ena akuti ndi filimu yapamwamba, ena akuti imanyoza anthu akuda. Kodi ubwino wake uli pati, nanga zolakwika zake n'ziti?"

Aphunzitsi anu anasankha bwino, ngakhale sindikudziwa ngati chifukwa chawo n'chofanana ndi changa. Za ndudu ndifikako, koma ndinene msanga kuti si pamene pali vuto lalikulu. Vuto lalikulu n'lakuti filimuyi imafunsa funso lolemera kwambiri m'ntchito ya kafukufuku wa mankhwala, loti kodi n'koyenera kumana odwala ena mankhwala pa nthawi ya mliri pofuna kutsimikiza kuti akugwiradi ntchito, kenako itafika poti iyankhe imapha mkazi wa dokotala n'kutipempha kuti tilire. Tikamapukuta misozi, funso lija lapita.

Muyenera kudziwa kaye kumene inachokera. Nkhani yake ndi ya m'buku la Sinclair Lewis lomwe linatuluka mu 1925. Lewis sanali dokotala, ngakhale bambo ake anali dokotala wa kumudzi ku Minnesota, choncho anagwira ntchito ndi Paul de Kruif, katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda amene anali atachoka ku Rockefeller Institute ku New York. Awiriwa anayenda limodzi pa sitima ya pamadzi kuzilumba za ku Caribbean mu 1923 kukasonkhanitsa zoti alembe. Bukulo linapatsidwa mphoto ya Pulitzer mu 1926, Lewis n'kuikana, ndipo mu 1930 anakhala munthu woyamba wa ku America kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Ndiye pamene Samuel Goldwyn ankapanga filimuyi mu 1931, ankagula dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense. Analemba ntchito Sidney Howard kuti asandutse bukulo sewero, anabwereka John Ford ku kampani ya Fox kuti atsogolere kujambula, n'kupatsa Ronald Colman ndi Helen Hayes mbali zikuluzikulu, za dokotala Martin Arrowsmith ndi mkazi wake Leora. Filimu inatuluka mu Disembala 1931 ndipo inapikisana nawo pa mphoto zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse, koma sinapate ngakhale imodzi. Chaka chimenecho inapambana ndi Grand Hotel.

Zoti amalankhula ngati ali pa siteji mwaona zoona, ndipo chifukwa chake chilipo. The Jazz Singer, imene inatsegula njira ya mafilimu olankhula, inatuluka mu 1927, zaka 4 zokha m'mbuyo. M'zaka zoyambirirazo kamera inkapanga phokoso moti ankaitsekera m'kabokosi kokhala ndi galasi, ndipo maikolofoni ankaibisa pamalo amodzi, osewera n'kumaunjikana pafupi nayo. Pofika 1931 zinthu zinali zitayamba kumasuka, koma chizolowezi chotchula mawu alionse momveka bwino, n'kudikira mnzako amalize, chinali chikadalipo. Makampani anatenganso anthu ambiri a zisudzo za pa siteji ku New York chifukwa ankadziwa kugwiritsa ntchito mawu. Helen Hayes, Richard Bennett ndi A. E. Anson, amene amasewera ngati Pulofesa Gottlieb, mphunzitsi wa Martin, onse anachokera kumeneko. Nyimbo zapansipansi zimene mafilimu a masiku ano amathira paliponse kuti akuuzeni pomvera chisoni n'zochepa muno. Poyamba zimamveka ngati china chikusowa, koma m'zigawo za mliri bata limenelo limagwira ntchito kuposa mmene nyimbo zikanachitira.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'filimuyi ndi maso a Ford. Iye anali atapanga mafilimu osalankhula ambirimbiri, ndipo ku Fox anaonerera pafupi ntchito ya F. W. Murnau, Mjeremani amene anajambula Sunrise mu 1927, munthu wodziwa kusimba nkhani ndi mthunzi ndi kuwala. Onerani mmene malo atatu a nkhaniyi amaonekera mosiyana. Ku Wheatsylvania, kamudzi ka ku Dakota komwe Martin Arrowsmith akukhala dokotala wa kumudzi, zipinda n'zazing'ono, zodzaza ndi katundu, anthu ali pafupipafupi. Ku McGurk Institute, malo ofufuzira za mankhwala ku New York, komwe Richard Day anakonza malo ojambulira, makonde ndi aatali, onyezimira, zitseko zazitali moti munthu amaoneka kachinthu. Simufunika kuuzidwa kuti malo amenewa ndi a ndalama ndiponso kuti wasayansi ali m'manja mwa eni ndalamazo. Kuzilumba, Ray June amene anagwira kamera amadzaza chithunzi ndi nkhungu, utsi ndi mizeremizere ya kuwala kolowa m'mazenera a timatabwa. Imfa ya Leora anaijambula mwa njira imeneyi: ali yekha m'nyumba yaikulu, antchito athawa, kamera ili chapatali, ndipo palibe womugwira dzanja. Helen Hayes samakuwa kapena kudzigwetsa mokokomeza. Pa zonse za m'filimuyi, chigawo chimenechi ndi chimene sichinakalambe.

Hayes ndiye amapatsa filimuyi moyo. Leora timakumana naye akukolopa pansi m'chipatala, namwino wophunzira wapakamwa pakuthwa amene saopa kuyankha dokotala wodzimva. Akangokwatiwa, nkhani imamulanda pafupifupi chilichonse: ntchito yake ya unamwino siitchulidwanso mwamphamvu, mimba imapita padera, amauzidwa kuti sadzaberekanso, ndipo chotsala n'kudikira mwamuna amene waiwala kubwera kunyumba chifukwa ali mu labotale. Inu monga namwino wa mawa muli ndi ufulu wokwiya kuti munthu wophunzira ntchito yosamalira odwala akumusiya m'nyumba pakati pa mliri m'malo momupatsa ntchito. Komabe Hayes amasewera kudikirako mopanda kudzimvera chisoni, ndi nthabwala zouma, moti mumakhulupirira kuti mkaziyu anasankha yekha moyo umenewu akudziwa mtengo wake. Pa mpikisano womwe uja wa Oscar, mu 1932, iye analandira mphoto, koma chifukwa cha filimu ina, The Sin of Madelon Claudet.

Colman ndi nkhani ina. Anabadwira ku England mu 1891, choncho anali ndi zaka 40 pamene ankasewera ngati mnyamata wa kumidzi ya ku America amene wangoyamba sukulu ya udokotala. Mawu ake ndi osalala, a munthu woleredwa bwino, pamene Martin wa m'buku ndi wamwano, wosakhazikika, wopanda ulemu wa pagulu. Mu theka loyamba la filimu zimenezi zimasokoneza ndithu. Chodabwitsa n'chakuti cha kumapeto kusalala komweko kumathandiza, chifukwa munthu waulemu chotere akamakaniza odwala mankhwala ndi nkhope yodekha, zimaopsa kuposa akanakhala wolusa.

Theka loyambalo limathamanga mopitirira muyeso. Buku la Lewis ndi lalitali, ndipo mbali yake yaikulu ndi yoseka madokotala: wokonda ndalama, wokonda kutchuka, mkulu wa zaumoyo amene amalemba ndakatulo zaukhondo m'malo mogwira ntchito. Howard anachotsa zaka zimene Martin anagwira ntchito ya zaumoyo m'tauni ya Nautilus ndiponso ku chipatala cha anthu olemera ku Chicago. Zotsala zimadutsa ngati mitu ya nkhani: sukulu, ukwati, mwana wa mlimi amene akumwalira ndi matenda a diphtheria, ng'ombe, New York. Amene sanawerenge buku amavutika kudziwa kuti papita zaka zingati. Mano a Lewis anatsala pamalo amodzi okha, pamene Dr. Tubbs, mkulu wa McGurk, akuitana atolankhani kuti alengeze zimene Martin watulukira asanamalize kuziyesa, kenako n'kumva kuti wofufuza wina ku Pasteur Institute ku Paris wafalitsa kale zomwezo. Apa pali mbiri yeniyeni. Félix d'Hérelle anafalitsa mu 1917 za mavairasi amene amapha mabakiteriya, otchedwa bacteriophage, ndipo m'buku ndi zimenezi zimene Martin watulukira. Filimu imangoti seramu, osasiyanitsa bwino mankhwala ochiza wodwala kale ndi katemera woteteza amene sanadwale. Pa mayeso anu musatengere filimuyi pa mfundo imeneyo.

Koma musadumphe chigawo cha ng'ombe, chifukwa ndi pamene pagona filimu yonse. Ng'ombe za alimi zikufa ndi matenda a blackleg, mankhwala a boma sakuthandiza, ndipo Martin akupanga ake m'khitchini ya mkazi wake. Kuti atsimikize kuti akugwira ntchito, akubaya ng'ombe zina n'kusiya zina osabaya. Zobayidwa zikupulumuka, zosabayidwa zikufa, ndipo umboniwo ndi umene ukumutsegulira khomo la ku New York. Woonera amaombera m'manja. Patapita nthawi, mliri wa makoswe utabuka kuzilumba za West Indies, Gottlieb akumulumbiritsa kuti akachite chimodzimodzi kwa anthu: theka alandire seramu, theka asalandire.

Pano ndikupempheni kuti musafulumire kumutcha Gottlieb mfiti. Mfundo yake ya sayansi ndi yolondola, ndipo filimu yochepa kwambiri ya nthawi imeneyo inayesa kuifotokozera anthu wamba. Mliri uliwonse umakwera n'kutsika wokha. Ukabaya anthu onse pamene mliri wayamba kale kutsika, udzanena kuti mankhwala ako ndi amene athetsa, anthu adzakuvekera nkhata, ndipo mankhwala opanda ntchito adzagulitsidwa kwa zaka zambiri. Zimenezi zinachitikadi ndi bacteriophage yemweyo. D'Hérelle anaigwiritsa ntchito pa odwala mliri wa makoswe anayi ku Alexandria, ku Egypt, mu 1925, ndipo anachira, koma anthu anayi si umboni. Mu 1934 akatswiri amene anaunika malipoti a mankhwalawa m'malo mwa bungwe la madokotala a ku America anapeza kuti maumboni ambiri ndi otsutsana ndi osadalirika. Mankhwala a penicillin ndi streptomycin atafika m'ma 1940, mayiko a azungu a kumadzulo anangoisiya nkhaniyo isanathe, ngakhale ku Tbilisi, ku Georgia, anapitiriza. Kafukufuku wotchuka woyerekeza magulu awiri osankhidwa mwamaere, wa streptomycin pa chifuwa chachikulu ku Britain, anafalitsidwa mu 1948. Choncho filimu ya 1931 imene ikuuza anthu ogula tikiti kuti popanda gulu loyerekezera sungadziwe chilichonse inali patsogolo pa madokotala ambiri a nthawi yake. Ulemu umenewo tiipatse.

Tsopano onani zimene ikuchita nayo mfundoyo. Martin akufika pa chilumba cholamulidwa ndi Britain n'kufotokoza cholinga chake kwa bwanamkubwa ndi azungu ena. Iwo akukana, akuti anthu si nyama zoyeserapo mankhwala. Pamenepo pakutulukira Dr. Oliver Marchand, dokotala wakuda wophunzira ku Howard University, amene akupereka anthu a kwawo, a m'mudzi wa pa chilumba china chapafupi, kuti kafukufukuyo akachitikire pa iwo. Ndiye mzere wa filimu uli motere: ng'ombe, kenako azungu akana, kenako anthu akuda. Palibe chigawo chimene anthu a m'mudzimo akufotokozeredwa kuti theka la iwo adzabwezedwa opanda mankhwala, palibe amene akufunsidwa ngati walola. Amaoneka m'mizere, m'magulu, akuimba nyimbo za maliro mu nkhungu yokongola ija. Luso la Ford lomwe ndalitama lija apa likugwira ntchito yoipa, chifukwa likusandutsa anthu akufa kukhala chokongoletsa chithunzi.

Anzanu amene akuti filimuyi imanyoza anthu akuda akunena za zimenezi, ndipo sakulakwa. Koma nkhani ya Marchand ili ndi mbali ziwiri ndipo muyenera kuzigwira zonse. Clarence Brooks, amene anasewera mbaliyi, anali mmodzi wa anthu a Lincoln Motion Picture Company, kampani ya anthu akuda yomwe inayamba mu 1916 kuti ipange mafilimu oonetsa anthu akuda monga anthu. Ku Hollywood ya 1931, wosewera wakuda ankapatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba, wonyamula katundu kapena chitsiru choseketsa. Ford yemweyo, zaka 3 pambuyo pake, anagwiritsa ntchito Stepin Fetchit pa mbali ya mtundu umenewo mu Judge Priest. Marchand amavala suti, amalankhula Chingerezi cha munthu wophunzira, amagwira ntchito limodzi ndi Martin ngati dokotala mnzake, ndipo palibe pamene filimu imamuseka. Olemba mbiri ya mafilimu amaitchula mbali imeneyi kawirikawiri monga chinthu chosowa kwambiri pa nthawiyo. Ndi zoona. N'zoonanso kuti ntchito imene nkhani inamupatsa ndi yotsegula chipata. Chimene mzungu sakanatha kupempha popanda kuoneka woipa, dokotala wakuda akuchipereka yekha, ndipo woonera amamasuka mumtima poganiza kuti eni ake avomera. Koma wavomera ndi munthu mmodzi wophunzira, m'malo mwa mudzi wonse umene sunafunsidwe. Pamapeto pake Marchand akupita kukaona ngati Leora ali bwino, iyenso akudwala n'kufa, ndipo filimu siima kuti imulire monga imalirira ena.

Kodi tingati nthawi imeneyo anthu sankadziwa za chilolezo cha wodwala? Ayi. Mu 1900, pa kafukufuku wa matenda a yellow fever ku Cuba, gulu la Walter Reed, dokotala wa asilikali a ku America, linkasainitsa anthu mapepala ofotokoza kuopsa kwake, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi. Mu 1930 ku Lübeck, ku Germany, makanda opitirira 70 anafa atapatsidwa katemera wa chifuwa chachikulu wa BCG woipitsidwa, ndipo mu 1931, chaka chomwe filimuyi inatuluka, boma la Germany linatulutsa malamulo ofuna kuti munthu alole asanayesedwe mankhwala atsopano. Maganizowo analipo. Chimene chinalipo kwambiri ndi chizolowezi choona anthu ena ngati osafunika kufunsidwa. Chaka chotsatira, mu 1932, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inayamba kafukufuku wa ku Tuskegee, ku Alabama, pa amuna akuda 600, mwa iwo 399 odwala chindoko, amene sanauzidwe zoona za matenda awo ndipo sanapatsidwe penicillin ngakhale atapezeka. Anaimitsa mu 1972 nkhani itatuluka m'nyuzipepala. Sindikunena kuti filimu inayambitsa zimenezo. Ndikunena kuti anthu amene anadzaza nyumba zoonetsera mafilimu mu Disembala 1931 anaona dokotala wabwino akuyesa mankhwala pa anthu akuda osauka, ndipo ambiri sanaone chachilendo.

Tifike pa ndudu ija. Martin wasiya Leora m'nyumba poganiza kuti akumuteteza. Madzi okhala ndi tizilombo ta mliri adontha pa ndudu imene yasiyidwa pa tebulo la zoyesera, Leora waitola n'kusuta. Izi zili m'buku, si zopeka za Hollywood. Pa za sayansi si zosatheka kwenikweni: tizilombo ta Yersinia pestis, timene Alexandre Yersin anatizindikira ku Hong Kong mu 1894, nthawi zambiri timafika kwa munthu kudzera mu nthata za makoswe, koma anthu ogwira ntchito mu labotale anadwalapo ndi kufa nato. Cholakwika chenicheni cha chipatala apa ndi dokotala wosiya tizilombo toopsa chotere m'nyumba yogona anthu, pafupi ndi fodya, ndipo filimu siimuimba mlandu umenewo momveka. Koma mafilimu a mtundu uwu amakhalira zinthu ngati zimenezi, kanthu kakang'ono kamene woonera akukaona pamene mwini wake sakukaona, ndipo Ford amakagwiritsa ntchito mwaluso. Mumafuna kukuwa kuti asaitole. Ine ndilibe nayo mlandu nduduyo monga chida cha sewero.

Mlandu wanga uli pa ntchito imene imfayo ikugwira. Taganizani mmene nkhani ikanayendera Leora akanakhala moyo. Martin akanayenera kuima pamaso pa mayi amene mwana wake ali m'gulu losalandira, tsiku ndi tsiku, mpaka atasankha yekha, ali bwinobwino, kupitiriza kapena kusiya. Imeneyo ndiyo filimu imene funso la Gottlieb linkafuna. Gustav Sondelius, dokotala wa ku Sweden wokonda mowa ndi phokoso amene Richard Bennett amamusewera mokoma, akumwalira ndi mliriwo akumuchonderera kuti aiwale kafukufuku apulumutse anthu, koma Martin sakusintha. Anthu a pachilumba akufa, sakusintha. Akusintha mkazi wake atafa, ataledzera, atasweka mtima, n'kulamula kuti aliyense abayidwe. Ndiye kuti chisankhocho sichinachokere m'kuzindikira kuti anthu aja ali ndi ufulu. Chachokera m'chisoni cha mzungu pa mzungu mnzake. Ndipo atabwerera ku New York, kumene akumulandira ngati ngwazi, chimene chikumupweteka n'chakuti waphwanya lonjezo lake kwa Gottlieb, amene pofika pano wagwidwa sitiroko ndipo sakumvanso zimene akuuzidwa. Akupepesa kwa mphunzitsi wake chifukwa chopulumutsa anthu. Kwa amene anafa ali m'gulu losalandira sapepesa, ndipo filimu sikuoneka kuti ikuona kuti pali ngongole pamenepo.

Pali amene amawerenga mathero amenewa mokomera filimu, kuti ikutionetsa dala munthu wosokonezeka maganizo kuti ife tiweruze tokha. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma taonani kumene imathera: Martin akukana udindo ndi malipiro a McGurk, akukana Joyce, mkazi wolemera amene anakumana naye kuzilumba, n'kuthamangira mnzake Terry Wickett kuti akachite sayansi yoyera kutali ndi anthu a ndalama. Filimu ikumuombera m'manja pamenepo. Mdani amene yasankha ndi kutchuka ndi malonda, ndipo nkhondo imeneyo ndi yosavuta kupambana pa kanema kuposa ija ya pachilumba.

Chinanso choti mukanene m'kalasi n'chakuti kusankha kumene filimu ikukupatsani, pakati pa kudziwa zoona ndi kuchitira anthu chifundo, si kokhako kumene kulipo. Mu 2015, pa mliri wa Ebola ku Guinea, ofufuza anayesa katemera pa anthu amene anakhudzana ndi odwala. Magulu ena anabayidwa nthawi yomweyo, ena patapita masiku 21, mwamaere, anthu atafotokozeredwa ndi kuvomera. Zotsatira zoyamba zitaonetsa kuti katemerayo akuteteza, kuchedwetsako kunathetsedwa ndipo onse anayamba kubayidwa msanga. Umboni unapezeka, ndipo panali anthu apadera oyang'anira ziwerengero amene anali ndi mphamvu yonena kuti basi. Njira zotere zinamangidwa pang'onopang'ono, kuchokera pa malamulo a ku Nuremberg a 1947 ndi chikalata cha ku Helsinki cha 1964, zonse zonena za kafukufuku wochitidwa pa anthu. Sizinathetse mkangano. Mu 1997 kunabuka mtsutso waukulu pa kafukufuku wa AZT yoteteza mwana ku HIV ya mayi, wochitikira m'mayiko a mu Africa ndi ku Thailand, chifukwa amayi ena ankapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala pamene ku America njira yothandiza inali itadziwika kale. Otsutsa anatchula Tuskegee, oikira kumbuyo anayankha ndi mfundo yofanana ndi ya Gottlieb. Kuno kwathu, mukadzayamba ntchito m'chipatala chimene mukuchitika kafukufuku, mudzaona mapepala a chilolezo omasuliridwa m'Chichewa ndi makomiti ounika kafukufuku asanayambe, ndipo nthawi zambiri wokhala pansi ndi wodwala kumufotokozera pepalalo ndi namwino. Mpando wa Marchand, wa munthu wa kwawo amene anthu amamukhulupirira ndipo alendo amamudalira kuti awatsegulire njira, mudzaukhalapo ndinu. N'chifukwa chake ndinati aphunzitsi anu anasankha bwino.

Za Myrna Loy, amene amasewera ngati Joyce, ndinene mwachidule, chifukwa mwina mwadabwa kuti mkazi ameneyu akufuna chiyani m'nkhaniyi. Joyce ndi mlendo wolemera wa ku New York amene Martin akukumana naye kunyumba ya mwini munda wina pachilumbapo. M'buku, Leora atamwalira, Martin akumukwatira, akubereka naye mwana, kenako akumusiya. M'filimu munangotsala chigawo cha usiku umodzi chongoyerekeza, chopanda mawu ambiri, chosonyeza kuti mwina anagona limodzi pamene Leora anali yekha kutsidya. Kuyambira 1934 malamulo a Hollywood oletsa zachiwerewere pa kanema anayamba kutsatidwa mwamphamvu, ndipo filimuyi itatulutsidwanso inadulidwa, mbali ya Loy n'kuchepa kwambiri. Kudulako kunawononga zambiri kuposa mmene odulawo ankaganizira, chifukwa popanda usiku umenewo kuledzera ndi kusweka mtima kwa Martin kumangooneka ngati chisoni, pamene poyamba munali kudziimba mlandu. Makope amene amapezeka ndi osiyana kutalika. Yoyambirira inali ya mphindi pafupifupi 108, ndipo ngati imene munaonera inali yochepera mphindi 100 ndipo Joyce anangotulukira n'kuzimiririka popanda chifukwa, munaonera yodulidwa. Funsani anzanu a m'kalasi kuti aliyense anaonera iti musanayambe kutsutsana za khalidwe la Martin, chifukwa mwina simukunena za munthu mmodzi.